Manda a asilikali akale kwathu ku Zomba: pomwe tafika ndi ntchito ija

Kumapeto kwa Meyi

Abale ndi alongo a m'gulu lathu la zidzukulu za asilikali a King's African Rifles (KAR), gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda lija, paja tinagwirizana kuti chaka chino ndizilemba momwe ntchito ikuyendera kuti inu muli ku Joni, ku Lilongwe ndi ku UK musamangomva zoti tumizani ya simenti osadziwa kuti ikupita kuti. Ndiye ndizingowonjezera pansipa mwezi ndi mwezi, tsiku limene ndapeza mpata ndi bando.

Manda amene tayamba nawo ndi akumudzi aja a kumunsi kwa phiri, osati a m'tauni ayi. Ndikunena izi chifukwa ena mwandifunsa kuti kodi si paja manda a asilikali amasamalidwa kale ndi azungu. Eya, alipo amene amasamalidwa ndi Commonwealth War Graves Commission, ngati aja ali m'manda a m'tauni ya Zomba, a ku Mangochi, ndi a ku Karonga komwe kunachitika nkhondo pa 9 Seputembala 1914, ndipo kumeneko ngakhale Majeremani ali ndi miyala yawo. Koma bungwe limenelo limangowerengera amene anamwalira pakati pa 4 Ogasiti 1914 ndi 31 Ogasiti 1921, komanso pakati pa 3 Seputembala 1939 ndi 31 Disembala 1947, basi. Agogo athu ambiri anabwerako amoyo, anadzalima chimanga, ena anadzakhala alonda ndi amesenjala pa boma, nkudzamwalira m'ma 60, m'ma 70 mpaka m'ma 80, ndiye anaikidwa ngati munthu wina aliyense wa pamudzi. Amenewo palibe ofesi imene ili ndi fayilo yawo, ngati sitichita ife ndiye kuti basi.

Kwa amfumu tinapitako ndi akuluakulu awiri a m'gulu, tinakhala pansi monga mwa mwambo, tinafotokoza. Anatimvetsera mpaka kumapeto kenako anati ntchito njabwino koma kumanda sikumunda. Malamulo awo ndi oti tisadule mtengo uliwonse olo wouma, tisayatse moto, tisafukule kapena kusuntha dothi la pamtumbira, ndipo tsiku lililonse logwira ntchito pazikhala mmodzi wa adzukulu okumba manda a m'mudzimo. Tinavomera zonse, ndipo lomalizali latithandiza kuposa momwe timaganizira, chifukwa bambo amene anatipatsawo manda onsewo ali nawo m'mutu, akangoima pamalo amakuuzani kuti apa pagona uje, apa mlongo wake, apa mwana wa uje amene anamwalira chaka cha njala ya 1949.

Juni

Kulambula kwayamba. Kunja kukuzizira koopsa, m'mawa chifunga chikumatsika m'phiri moti mnzako ali apo sukumuona, koma anthu abwera ndithu. Achinyamata a kutchalitchi ndi a kumzikiti anabwera ndi zikwanje, zitchetcho ndi makasu, amayi anabweretsa mbatata yophika ndi thobwa, wilibala tinabwereka kwa bambo wina woumba njerwa. Udzu unali wofika m'khosi, tsekera yekhayekha, ndipo mkati mwake munali chitedze chimene chinatibalalitsa tonse Loweruka loyamba, mnyamata wina anachita kuvula malaya nkuthamangira kumtsinje anzake akufa ndi phwete, amfumu akanamva kuseka kumeneko kumanda kaya zikanatha bwanji. Njoka tinaonako imodzi, inadzipitira yokha.

Udzu tikumautuluka nawo panja pa manda nkukaunjika kutali, osawotcha, malinga ndi lamulo lija. Nkhadze zimene anthu anadzala kumitu ya manda sitikuzikhudza, nthawi zambiri ndi chizindikiro chokhacho chimene chatsala choti apa pali munthu.

Mbali ya kumunsi madzi anakokolola kwambiri nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, pali chigwembe chimene chikulowera kumitumbira itatu. Pakadali pano tangoikapo miyala.

Julayi

Mwezi uno ndiye wandionetsa kuti udzu inali ntchito yopepuka. Titamaliza kulambula ziliza zinayamba kuonekera, zambiri ndi za njerwa zopaka simenti pamwamba, ndipo mayina analembedwa ndi msomali kapena kamtengo simenti ikadali yaiwisi. Pano simentiyo yafumbutuka, ndere zamera, zilembo zina zinapita ndi chigamba chimene chinagwa. Pa chiliza china tikutha kuwerenga SAJENI kenako dzina ladyeka pakati, kenako 2 KAR, kenako chaka chimene ena akuti 1968 ena akuti 1963.

Panabuka mkangano wa laimu. Ena amafuna tingopaka ziliza zonse kuti ziziwala, zithunzi zikatuluke bwino, ndipo ndikumvetsa chifukwa mukatumiza ndalama mumafuna muone kusintha. Ine ndinakana ndipo ndikukanabe. Laimu amadzaza timizere ta zilembo, ukapaka kawiri katatu dzina lija latha, watsala ndi chinthu choyera bwino chosanena kanthu. Chimodzimodzi burashi ya waya ndi mankhwala otsukira m'bafa aja, zimenezo zimadya simenti yakale. Tagwirizana kuti tizitsuka ndi madzi okha ndi burashi yofewa yochapira, pang'onopang'ono kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo palibe chiliza chimene chipakidwe kalikonse tisanachijambule ndi kulemba m'kaundula zonse zimene zikuwerengeka.

Njira yowerengera anatiphunzitsa ndi mphunzitsi wina wopuma amene walowa m'gulu mwezi uno. Masana dzuwa lili paliwombo suona kanthu, chiliza chimangooneka chotuwa. Koma ukabwera m'mawa kwambiri kapena chakumadzulo dzuwa litapendeka, kuwala kukamenya cham'mbali, timaenje ta zilembo timachita mthunzi ndipo dzina limangotulukira lokha. Pamene pali mitengo yambiri tikugwiritsa ntchito galasi loyang'anira nkhope, wina amaima padzuwa nkumalozetsa kuwalako pachiliza, wina wagwada akuwerenga, wina akulemba. Kuona maso a nkhono nkudekha ndithu, tsiku lina tinakhala pa chiliza chimodzi mpaka tiyi anazizira koma tinapeza kuti chaka chija ndi 1963, kamchira ka 3 kanabisika ndi ndere.

Kaundula ndi hadikava wamkulu, ali kwa mayi msungichuma, ndipo mwana wawo akumakopera mu kompyuta. Chiliza chilichonse tachipatsa nambala yathu, talemba chili pafupi ndi mtengo wanji, chayang'ana kuti, ndani watiuza kuti ndi cha msilikali.

Ogasiti

Takhala tikuyenda m'makomo. Mfundo yake njoti chiliza chokha sichikwanira, ena olembedwa m'kaundula tikungodalira mawu a adzukulu okumba manda aja, ndiye timafuna umboni wina wa kubanja.

Gogo wina wamkazi, mwana wa msilikali, poyamba anatikayikira, amayesa tabwera kudzagula mamendulo, paja kuli anthu amayendayenda m'midzi kugula zinthu zakale pa mtengo wa sopo. Titakhala pakhonde nthawi yaitali, mayi msungichuma nkuwatchulira agogo awo amene ankadziwana ndi bambo awowo, anangoti dikirani ana anga, analowa m'nyumba nkutulutsa sutikesi yachitsulo ya dzimbiri. Mkati munali kansalu komanga mfundo, m'kansalumo mamendulo anayi, awiri ozungulira awiri a nyenyezi ya nsonga sikisi, maliboni atatheratu kusuluka koma imodzi ikuonekabe kuti inali yabuluu wakuda ndi kufiira pakati ndi timizere ta olenji, imeneyo ndi Burma Star. Munalinso kabaji ka nsalu ka mutu wa chipembere, chizindikiro cha 11th East African Division imene inamenya nkhondo ndi Majapani m'chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944. Gogoyo anati bambo awo akamwa pang'ono ankangonena za mvula yosakata ndi misundu, za kuwombera sankanena. Tinawapempha kujambula, anavomera, atatha anamanganso mfundo yawo bwinobwino nkubweza.

Apa pali chinthu choti nonse amene muli ndi mamendulo kunyumba muchidziwe. A nkhondo yoyamba ya dziko lonse, British War Medal ndi Victory Medal, ali ndi nambala ya msilikali, udindo, dzina ndi gulu lake zolembedwa m'mphepete mozungulira, tizilembo ting'onoting'ono, tembenuzani muyang'ane cham'mbali. Koma a nkhondo yachiwiri ngati Burma Star, Africa Star ndi War Medal ankaperekedwa opanda dzina, ndiye pamenepo chofunika ndi pepala lotulukira usilikali kapena kabuku ka malipiro ngati chiswe sichinadye. Manambala a anyamata a ku Nyasaland pa nkhondo yachiwiri ambiri amayamba ndi DN. Chonde musawapukute ndi phulusa kapena mchenga kuti awale, mufafaniza nambala. Ingojambulani mutitumizire pa WhatsApp.

Nambala ndi yofunika chifukwa mayina okha akutisokoneza zedi. Kalaliki wa usilikali ankalemba zimene wamva, nthawi zina dzina limodzi lokha, nthawi zina dzina la munthu ndi la bambo wake, ndipo masipelo ake ndi a mmene khutu lake lamvera. Ena analembetsa dzina lina osati la kumudzi, makamaka amene anachokera mbali ya Apwitikizi, paja Alomwe ndi Ayao ambiri a tsidya lija ankalowa KAR konkuno. Ndiye munthu mmodzi ali ndi dzina la pachiliza, dzina la pamendulo, ndi dzina limene adzukulu ake amamudziwa nalo, atatu osafanana. M'kaundula tikulemba onse atatu, sitikusankha kuti loona ndi liti. Mlamu wathu wa ku UK wati ayesa kufufuza makadi a mamendulo a nkhondo yoyamba ku National Archives ya ku Kew, ife kuno tikonza tsiku lopita ku National Archives yathu ya konkuno ku Zomba.

Seputembala

Lupsa linatsala pang'ono kutilowera. Anyamata osaka mbewa anayatsa tchire kumtunda, mwayi wake tinali titalambula kale mzere wozungulira manda onse, moto unafika pamenepo nkuzima. Chaka chamawa mzere umenewo tidzaukulitse.

Simenti yagulidwa, zikomo nonse amene munatumiza pa Airtel Money ndi Mpamba, malisiti ali kwa msungichuma aliyense atha kuwaona. Mchenga tatuta tokha kumtsinje. Mmisiri tamuuza kuti ntchito yake ndi kutseka ming'alu ndi kulimbitsa m'munsi mmene njerwa zagumuka, osati kupulasitala pamwamba pa zolemba. Poyamba zimamuvuta, dzanja la mmisiri limafuna kusalaza paliponse, ndiye pakumakhala munthu womuyang'anira. Pamene dzina linafufutikiratu koma banja latsimikiza, tikuumba kasilabu kakang'ono kapadera nkukaika pambali, chakalecho chikhale momwe chilili.

Chiliza chimodzi chulu chamera pakati mpaka chang'ambika pawiri. Kufukula sitingathe malinga ndi lamulo la amfumu, ndipo banja lake silinapezeke, akuti anasamukira ku Machinga kalekale. Tachisiya kaye.

Banja lina lachisilamu latiuza mwaulemu kuti pamanda a agogo awo sakufuna chiliza kapena simenti, kulambula kokha kwakwana, ndipo ngati tikufuna chizindikiro tiike mwala wamba. Mmodzi wa ife anadandaula poti agogowo ndi amene mbiri yawo tili nayo yokwanira bwino, anamenya nawo ku Moyale mu 1940 kumalire a Kenya ndi Ethiopia, dzina lomwe lija la balaki ya ku Mzuzu, kenako anapita ku Madagascar mu 1942. Koma manda ndi a eni ake. Taika mwala, mbiri yalowa m'kaundula.

Okutobala

Kwatentha, tikumayamba mbandakucha nkuweruka dzuwa lisanakwere. Loweruka lina m'malo mogwira ntchito tinatenga achinyamata aja kupita nawo pachipilala cha KAR, chanjerwa zofiira chija chili pafupi ndi Cobbe Barracks. Ambiri amangochidutsa pa minibasi, anali asanayandikirepo nkuwerenga mayina a asilikali amene anafa pa nkhondo yoyamba, imene agogo ankaitcha ya Chiwaya. Mphunzitsi wathu uja anawafotokozera kuti KAR inakhazikitsidwa mu 1902 ndipo mabataliyoni oyamba awiri anali a kuno, kuti mu 1916 gulu la General Northey wa ku Britain linanyamuka kumpoto kwa dziko lino kulowa m'dziko la Majeremani limene pano ndi Tanzania, ndipo mkulu wa asilikali a Majeremani, von Lettow-Vorbeck, anawazunguza mpaka ku Mozambique, nkudzagonja ku Abercorn, imene pano ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918 nkhondo ku Ulaya itatha kale.

Pobwerera mtsikana wina wa Fomu 4 anafunsa funso limene latitengera masabata awiri tikukambirana m'gulu. Anati agogo a agogo ake sanali msilikali, anali wa tengatenga, anagwidwa kumudzi nkusenzetsedwa katundu ndipo sanabwerere, nanga dzina lawo lili pati? Palibe amene anayankha msanga. Asilikali ochokera ku Nyasaland pa nkhondo imeneyo anali pafupifupi 19,000 koma amtengatenga anali pafupifupi 200,000, ndiwo ankasenza ufa, zipolopolo ndi zida pamutu kudutsa m'mapiri opanda msewu, ambiri anafa ndi kamwazi, njala, chibayo, kenako fuluwenza ya 1918, nkukwiriridwa m'mbali mwa njira popanda cholemba. Bungwe la Commonwealth lija lenilenilo linavomera mu lipoti lake la Epulo 2021 kuti anthu osachepera 116,000, mwina mpaka 350,000, ambiri a iwo a kuno ku Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe nkomwe. Ndiye ife tikamati gulu la zidzukulu za asilikali, mwana uyu timuuza kuti agogo ake sakukwana?

Tagwirizana kutsegula gawo lachiwiri kumapeto kwa kaundula, la amtengatenga. Manda palibe, nambala palibe, tizilemba dzina, mudzi, mfumu, ndi amene watiuza. Tinalengeza kutchalitchi ndi kumzikiti, ndipo mayina akubwera kuposa a asilikali, ena ndi dzina limodzi lokha, ena akungoti amalume a amayi anga amene anapita ku Chiwaya. Tikulemba choncho.

Nkhani ina imene inatuluka pa zokambiranazo, achimwene ena a ku Lilongwe analemba kuti tisaiwale kuti KAR yomweyo ndi imene inatumidwa kukathana ndi anthu a John Chilembwe mu Januwale 1915, ndipo pa 3 Malichi 1959 asilikali a boma la atsamunda anawombera anthu ku Nkhata Bay. Zoona zimenezo achimwene, ndipo Chilembwe yemweyo mu Novembala 1914 analembera Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akukafera nkhondo yosawakhudza nkusiya akazi amasiye ndi ana. Ine maganizo anga ndi oti sitikulambula manda kuti titamande Mfumu ya ku England, ndipo m'kaundula sitikulembamo mawu oti ngwazi pa dzina la aliyense. Ena analowa usilikali pothawa msonkho ndi thangata, ena anachita kulozedwa ndi mfumu, ena anakopeka ndi yunifolomu ndi bandi, ena ankafunadi. Tikulemba kumene munthu anapita ndi chaka chake, ngati banja likudziwa kuti mu 1959 anali kumpoto tilembanso zimenezo. Ena sanakhutire ndi yankho limeneli, nkhaniyi tidzaibwereza pa msonkhano wa Disembala.

Novembala

Lamulungu la chikumbutso ena anapita kuchipilala kukaonerera mwambo wa boma, a VELOM, bungwe la asilikali opuma lija, ndi nkhata zawo ndi maluwa ofiira a popi pachifuwa. Ife tinachita zathu madzulo ake kumudzi. Amfumu anabwera, abusa anapemphera, shehe anapemphera, kenako mtsikana wa Fomu 4 uja anawerenga mayina onse a m'kaundula, a asilikali ndi a amtengatenga osasiyanitsa, motsata midzi. Zinatenga nthawi chifukwa anthu amamudula nkumakonza katchulidwe, ayi si choncho ndi chakuti, ndipo mayi msungichuma amalemba zokonzazo pomwepo ndi pensulo. Gogo wa sutikesi uja anabwera atapachika mamendulo a bambo awo pa bulauzi ndi mapini. Atatha mapemphero anyamata a beni anavina pabwalo la amfumu, kutali ndi manda, ndi mayunifolomu awo ndi masaluti awo, paja gule ameneyu anachokera ku perete wa asilikali omwewa.

Mvula yoyamba yagwa Lachitatu, chigwembe cha kumunsi chija chayambanso kudya, miyala tinaika ija yasuntha. Izi ndiye zachangu. Mlangizi wa zaulimi wati tidzale vetiva m'mizere yopingasa kumtunda kwake ndipo mbewu atipezera, amfumu avomera poti kudzala sikufukula mtumbira. Tikufuna anthu Loweruka likubwerali ndi makasu ndi matumba akale a feteleza oti tithiremo mchenga, tikumana pa mkuyu 6 koloko. Simenti yatsala matumba awiri, tawaika pamatabwa kwa msungichuma kuti asaume, ntchito ya mmisiri iyima mpaka mvula idzathe.

Amene muli ndi achibale ku Machinga tithandizeni kufunsa za banja la chiliza cha chulu chija, dzina ndikutumizirani kumbali. Ndipo inu a ku Joni amene munalonjeza zithunzi za pepala lotulukira usilikali la agogo anu aja anapita ku Malaya m'ma 50, tikudikirabe, jambulani mbali zonse ziwiri nambala ioneke.